Paki ya pa pulani ndi ya yani? Mafunso ndi mayankho kwa ogula mapuloti ku Zomba

Mbali zonse za Zomba minda ikusanduka mapuloti: kupitirira Matawale, kutsidya kwa Likangala, m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre cha ku Thondwe, ndi wa ku Liwonde cha ku Songani ndi Domasi. Ogulitsa a masiku ano sabwera chimanjamanja. Amanyamula pepala lokongola, pali timabokosi ta manambala, misewu yowongoka, ndipo penapake pakati pali kachigawo kopakidwa zobiriwira kolembedwa kuti open space kapena park. Puloti yoyang'anana ndi kachigawo kameneko imakwera mtengo. Tsamba lino likuyankha zimene ogula amafunsa za malo amenewo, ndi zina zimene ambiri amadzafunsa ndalama zitapita kale.

Malo obiriwira a pa pulani ya wogulitsa, ndiye kuti ndi paki ya aliyense?

Ayi. Utoto wa papepala supatsa munthu ufulu. Malowo akhoza kukhala ataperekedwa ku khonsolo kapena ku boma, ndipo zikatero ndi a anthu onse, mwana wa pa puloti yanu ndi mwana wochokera ku Chikanda chimodzimodzi. Akhoza kukhala a bungwe la eni nyumba a pamalopo, osewerapo n'kukhala okhawo a m'katimo ndi alendo awo. Akhozanso kukhala akadali a mwini kampani yogulitsayo, dzina lake lili pa chikalata, ndipo chimene adzachite nawo mawa akuchidziwa yekha.

Palinso malo ena oti ndi kale lomwe sangamangidwepo: khwawa, gombe la mtsinje, kunsi kwa mawaya akuluakulu a ESCOM, pamwamba pa paipi yaikulu ya madzi. Wogulitsa akawapaka zobiriwira amaoneka wowolowa manja, chonsecho wapereka chinthu choti sakadagulitsa.

Malamulo athu amasiyanitsa bwanji malo a boma ndi a munthu?

Malamulo a za malo omwe tikuyendera pano ndi a 2016, ndipo ena mwa iwo adakonzedwanso mu 2022. Pali malo a boma, osungidwira mtundu wonse, monga misewu, nkhalango zotetezedwa ndi malo a sukulu za boma. Pali malo a makolo, omwe amayang'aniridwa ndi mafumu pamodzi ndi makomiti a za malo. Ndiye pali malo a munthu payekha, kaya a lizi, yomwe kwa Mmalawi womanga nyumba nthawi zambiri imakhala ya zaka 99, kaya a freehold, a umwini wopanda malire a zaka, omwe ambiri adachokera ku maesiteti a nthawi ya atsamunda.

Mzinda wa Zomba uli ndi mitundu yonseyi mothithikana. Udali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo udakula molowerana ndi nyumba za boma, mamishoni, maesiteti ndi midzi. Lero m'kati mwa mzinda muli malo a Unduna wa za Malo, a Malawi Housing Corporation, a khonsolo, ndi a anthu kapena mabungwe okhala ndi zikalata zawozawo. Mukhoza kuima pamalo amodzi, kumanja kuli kwa boma, kumanzere kwa mpingo, kumbuyo kwa amfumu.

Paki ya m'dera latsopano imayamba ili mbali ya malo a wogawayo. Siingasanduke ya boma chifukwa choti ana azolowera kuthamangitsanapo. Pamafunika iyezedwe, ikhale ndi nambala yake, ndipo iperekedwe molemba.

Kodi wogulitsa ali ndi udindo wondiuza zoona za malo amenewa?

Lamulo la mapulani a malo la 2016, Physical Planning Act, lidaika dziko lonse pansi pa mapulani, osati mizinda ndi matauni osankhika okha monga zidalili ndi lamulo lakale la 1988. Munthu saloledwa kudula malo kukhala mapuloti ogulitsa popanda chilolezo cha oona za mapulani, ndipo pempho lake limapita ndi pulani yosonyeza chigawo chilichonse ndi ntchito yake: apa nyumba, apa msewu, apa sukulu, apa malo opumulirapo. Choncho kwa wogulitsa wolongosoka yankho lilipo kale, lolembedwa, ndipo alibe chifukwa chokubisirani.

Kunamiza wogula nakonso n'koletsedwa. Lamulo loteteza ogula la 2003, komanso lamulo la mpikisano ndi malonda achilungamo lomwe amaliyang'anira a Competition and Fair Trading Commission, amaletsa kutsatsa malonda monyenga. Munthu akalemba pa chikwangwani kapena pa Facebook kuti pali paki ya anthu onse, iye akudziwa kuti adzadulapo mapuloti ena, wanama pa chinthu chimene chidakukopani kuti mugule.

Koma wogulitsa wochenjera sanama poyera, amangosunga pakamwa. Amalemba park basi, osanena kuti ya yani. Dobadoba amene wakuperekezani kukaona malo naye maso ali pa komishoni, adzangoloza ndi dzanja kuti apo mpomwe ana anu azidzasewera. Funso lifunseni nokha, ndipo yankho libwere pa pepala losayinidwa.

Pulani yovomerezeka ndingaizindikire bwanji?

Imakhala ndi chidindo cha ofesi yomwe idavomereza, tsiku ndi nambala. Komabe chidindo cha pa fotokope si chovuta kuchipeza, ndiye musakhutire ndi pepala la m'manja mwa wogulitsa. Tengani kope lanulo mukaliyerekeze ndi lomwe lili ku ofesi. Malo akakhala m'kati mwa malire a mzinda, pitani ku nthambi ya mapulani ya khonsolo ya mzinda wa Zomba. Akakhala kunja, nkhani yake ili ku khonsolo ya boma la Zomba, kwa DC. Apa ambiri amasokonezeka, chifukwa mapuloti ochuluka otsatsidwa kuti ali mu Zomba amakhala kunja kwa mzinda, m'madera a mafumu monga a Chikowi, a Malemia, a Mwambo kapena a Mlumbe.

Mukafika, yang'anani ngati kachigawo kobiriwira kaja kalipo pa pulani ya ku ofesi, ngati kukula kwake n'kofanana, ndi mawu amene alembedwapo. Nthawi zina mumapeza kuti pomwe wogulitsa adalemba park, ku ofesi palembedwa kuti ndi malo osungidwira chitukuko cha m'tsogolo. Amenewo ndi mapuloti omwe sadadulidwe chabe.

Kenako pitani pamalopo ndi woyeza malo wovomerezeka akuonetseni mabikoni osonyeza malire, a puloti yanu ndi a paki yomwe. Paki yopanda mabikoni imadyeka pang'onopang'ono: uyu akankha mpanda mita imodzi, winayo awiri, pomatha zaka zochepa patsala kanjira.

Chomaliza, lipirani kandalama kofufuzira ku kaundula wa za malo, muone dzina la mwini malo onsewo ndi ngati sadaikidwe chikole ku banki. Mfundo imeneyi anthu amaiderera. Malo onse akakhala pa chikole, mwini n'kulephera kubweza ngongole, zimene banki idzagulitse ndi zonse zomwe zikadali m'dzina lake, paki yomwe, ndipo wogula watsopanoyo sadakulonjezeni kalikonse.

Nanga akandikaniza kuona pulaniyo ku ofesi?

Lembani kalata yopempha. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, Access to Information Act, lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo makhonsolo ali m'gulu la maofesi oyenera kulitsata. Akakana ayenera kupereka chifukwa, ndipo dandaulo lake limapita ku Malawi Human Rights Commission. Sungani kope la kalata yanu lodindidwa tsiku lomwe adailandira.

M'pangano logulira puloti mulembedwe chiyani za paki?

Mapangano ambiri omwe anthu amasayinirana amangotchula nambala ya puloti, kukula kwake, mtengo ndi kalipiridwe ka pamwezi. Za msewu, ngalande ndi paki zimathera pakamwa. Ngati mwalipira mtengo wokwera chifukwa cha malo obiriwirawo, kudalira mawu a pakamwa n'kuwerengera madzi a mphutsi.

Pemphani kuti pulani yovomerezeka ilumikizidwe ku pangano, masamba onse asayinidwe. Mulembedwe nambala ya chigawo cha paki ndi kukula kwake, dzina la yemwe adzakhale mwini wake, nthawi imene idzaperekedwe kwa iye, amene ali ololedwa kulowamo, ndi amene azidzalipira kasamalidwe kake. Ngati paki ikhalabe m'manja mwa wogulitsa kapena bungwe la eni nyumba, loya akhoza kukuthandizani kuti chiletso choti pasamangidwe chilembedwe m'kaundula pa chikalata cha malowo. Ubwino wake ngwakuti chiletso cholembetsedwa chimatsata malo, aliyense wodzagula adzachipeza pomwepo.

Wogulitsa akayamba zoti «musadandaule bwana, ife sitingapange zimenezo», muuzeni mwaulemu kuti ngati sangapange, kulemba sikungamupweteke.

Dera lathu lili ndi mpanda ndi geti. Angatsekere anthu akunja kuti asafike pa paki?

Zimatengera mwini wake. Ngati paki ndi misewu ya m'katimo zili pa chikalata cha kampani kapena cha bungwe lanu, mlonda ali ndi mphamvu yobweza munthu pageti. Ngati zidaperekedwa ku khonsolo, ndi za anthu onse, ndipo kuzitsekera popanda chilolezo n'kulanda. Kusangalala ndi zonse ziwiri sikutheka: simungafune kuti khonsolo izidzatchetcha udzu ndi kukonza ngalande ndi ndalama za msonkho, kwinaku ana a tsidya lina la mpanda mukuwathamangitsa.

Tipatseni zitsanzo za muno mu Zomba momwemuno.

Munda wa zomera uli m'mphepete mwa Mulunguzi, womwe udayamba mu 1891, ndi wa boma ndipo amauyang'anira a National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi. Ndi wa mtundu wonse, koma uli ndi malamulo ake ndi nthawi zake. Bwalo la gofu lili pakati pa tauni ndi lobiriwira, anthu amaliona tsiku ndi tsiku, koma limayendetsedwa ndi kalabu ya Gymkhana. Nkhalango ya pa phiri ndi yotetezedwa ndi lamulo la nkhalango la 1997, simungadulemo mtengo kapena kuikamo maziko ngakhale puloti yanu itachita malire nayo. Malo atatu, onse obiriwira, eni ake ndi malamulo ake n'zosiyana. Wogulitsa akakuuzani kuti kumbuyo kwa puloti yanu kuli nkhalango yoti muzikapitidwako mphepo, funsani kuti malire a nkhalangoyo ali pati, kuopa kuti puloti yanuyo ndiyo yalowa m'kati.

Amasamalira ndani, ndipo ndalama zake zichokera kuti?

Ya khonsolo imasamalidwa ndi ndalama za khonsolo, zomwe gawo lake ndi msonkho wa nyumba umene eni malo a mumzinda amalipira. Aliyense akudziwa kuti ndalama zimenezi zimalimbanirana ndi zinyalala, misika, misewu ndi magetsi a mumsewu, ndiye paki ya m'dera latsopano siikhala patsogolo. Ya bungwe la eni nyumba mumasonkha nokha. Funsani msanga kuti chopereka chake n'chingati, amachikweza ndani, ndalamazo zimasungidwa ku akaunti ya yani, ndipo wokana kusonkha amatani naye. M'madera atsopano nyumba sizimangidwa tsiku limodzi. Ena amagula n'kupita ku Johannesburg, puloti ili tchire, ndipo mtolo wonse umagwera mabanja ochepa omwe alowa kale.

Malo osasamalidwa sakhalitsa. Amayamba ndi udzu wautali, kenako dzala, kenako wina aumbapo njerwa, ndipo pomaliza pamapezeka munthu wonena kuti kuli bwino pamangidwe nyumba kusiyana n'kuti pazibisala akuba. Ambiri amavomera, chifukwa akuba aja amakhala atawaboolera kale mpanda.

Kodi paki ingasinthidwe n'kukhala mapuloti mwalamulo?

Kusintha ntchito ya malo kumafuna chilolezo chatsopano cha oona za mapulani, ngakhale malowo ali a munthu payekha. Mwini wake sangangodzuka n'kuitana woyeza. Komiti ya za mapulani ikhoza kuvomera kapena kukana, ndipo mawu a anthu okhala moyandikana amalemera akafika olembedwa komanso nthawi ikadalipo. N'chifukwa chake ndi bwino kudziwana ndi khansala wa wodi yanu ndi komiti ya chitukuko ya m'deralo, kuti pempho lotere likalowa mulimve lisadavomerezedwe.

Atiuza kuti paki yathu ndi dambo ndi gombe la mtsinje zomwe zili kumunsi kwa mapuloti. Pali vuto?

Kusiya gombe ndi dambo osamangapo ndi chinthu chabwino, ndipo malamulo a za madzi a 2013 ndi a zachilengedwe a 2017 amateteza malo otere. Vuto ndi kuwatcha bwalo la ana. Mzinda uno udakhala m'tsinde mwa phiri, ndipo madzi a Mulunguzi, Likangala ndi timitsinje tina amatsika ndi liwiro. Akuluakulu amakumbukirabe napolo wa mu Disembala 1946, yemwe adakokolola milatho ndi kupha anthu muno mu Zomba. Achinyamata adaona madzi a mu Januwale 2015 ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Malo omwe mu Ogasiti amaoneka see, kaudzu kobiriwira, mu Febuluwale ndi njira ya madzi.

Ndiye pitani kukaona malo nthawi ya dzinja, osati ya chilimwe yokha. Funsani amayi omwe amalima madimba kumeneko kuti madzi amafika pati, amadziwa kuposa pepala lililonse. Yang'anani zinyalala zokodwa m'nthambi za mitengo ya m'gombe, zimakuuzani pomwe mtsinje udafika. Ndipo funsani wogulitsa kuti kupatula dambolo, malo ouma oti ana n'kumenyapo mpira ali pati. Pulani yabwino imakhala ndi zonse ziwiri.

Chinanso, dambo likamangidwa, madzi omwe linkasunga sasowa kolowera, amalowa m'nyumba za kumunsi. Amene muli kumunsi kwa dera latsopano nkhaniyi ikukukhudzani ngakhale simudagulepo puloti.

Malo athu tidagula kudzera kwa amfumu. Za paki zikutikhudza?

Kwambiri, kungoti kumudzi sititchula kuti paki. Kuli bwalo la mpira, bwalo la milandu pansi pa mtengo, manda, njira ya kumjigo ndi ya kudambo, malo odyetsera ziweto, ndi m'midzi ina malo omangapo ndagala nthawi ya zinamwali. Ndondomeko ya dziko ya za malo ya 2002 idanena kuti madambo ndi malo odyetsera ziweto a onse ndi a mudzi wonse, si oti munthu mmodzi awatenge. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidakhazikitsa makomiti a za malo otsogozedwa ndi a gulupu, okhala ndi anthu ena 6 osankhidwa, mwa iwo osachepera 3 akhale amayi, kuti nkhani za malo zisamathere m'nyumba ya munthu mmodzi.

Kampani ikagula minda ya mabanja angapo n'kuiphatikiza, malo a onsewa amapezeka ali m'kati mwa pulani. Pa pepala manda amasanduka kachigawo kobiriwira. Wogula wochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe amadzadabwa tsiku lina anthu atanyamula bokosi akudutsa pakhomo pake. Iwo sadalakwe, manda adawapeza. Musadalipire, kaonaneni ndi a nyakwawa ndi a komiti, mupite ndi ulemu wake, muwafunse kuti pamalopa pali chiyani cha mudzi ndi njira ziti zomwe sizingatsekedwe. Funsaninso ngati abale onse a banja logulitsalo adavomera. Kuno malo ambiri amayenda kuchikazi, ndipo malume akagulitsa mbumba isakudziwa, mlandu wake umadzapeza wogula.

Pamene malowo ali chabe, ndingalimepo chimanga kapena kuikapo kontena ya okala?

Popanda chilolezo cha mwini wake, ayi. Ndipo ngakhale mutalimapo zaka zingati, malo a boma sasanduka anu. Choipa china n'chakuti mukayamba inu, mnzanu naye ayamba, ndipo tsiku lodzadandaula kuti wina akumangapo nyumba mudzasowa pogwira. Ngati mukufuna kuwateteza, gwirizanani ndi anzanu, pemphani chilolezo, mubzale mitengo m'malire ndi kuimika magolo.

Taona anthu akukumba maziko pa open space yathu. Tiyambire pati?

Fulumirani, chifukwa kuimitsa maziko n'kosavuta kusiyana ndi kugwetsa nyumba yofolera. Jambulani zithunzi zoonetsa tsiku. Musalimbane ndi amisiri, iwo angolembedwa ganyu. Lembani kalata ku khonsolo, musayine anthu ambiri, mulumikize kope la pulani, ndipo kope lina lipite kwa khansala. Oona za mapulani ali ndi mphamvu yopereka chikalata choimitsa ntchito yomangidwa popanda chilolezo, ngakhale cholamula kuti igwetsedwe.

Mukaona kuti kalata yanu yangokhala, ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo okhudza maofesi a boma osagwira bwino ntchito. Ngati pali umboni wa ziphuphu, nkhaniyo ndi ya Anti-Corruption Bureau. Chiletso cha khothi chimatengedwa ku High Court, yomwe ili ndi nthambi muno mu Zomba, ndipo osowa ndalama ya loya akhoza kufunsa ku Legal Aid Bureau. Kukhothi kumafuna mapepala: pangano, malisiti, pulani, ngakhale chithunzi cha chikwangwani chotsatsira malonda chija. Mauthenga a pa WhatsApp omwe wogulitsa adakulonjezani za paki musawafufute.

Ndidagula kale, ndipo m'pangano langa mulibe chilichonse cha paki. Basi zatha?

Sizidathe. Ngati pulani yomwe khonsolo idavomereza ikusonyeza malowo ngati opumulirapo, wogulitsa ndi womangidwabe ndi pulaniyo, kaya pangano lanu likutchula kaya ayi. Yambani ndi kupeza kope lake. Kenako sonkhanani eni mapuloti, ngakhale amene sadayambe kumanga, mupange bungwe lolembetsedwa lokhala ndi malamulo ake ndi akaunti yake. Bungwe lotere likhoza kulembera wogulitsa kuti apereke malowo ku khonsolo kapena kwa inu, ndipo likhoza kukhala ndi chikalata m'dzina lake, chimene gulu la pa WhatsApp silingathe.

Nthawi yabwino yokambirana ndi pamene wogulitsa akadali ndi mapuloti ena oti agulitse pamalopo, chifukwa mbiri yake akuifunabe. Akagulitsa yomaliza, foni yake imayamba kuvuta. Mukapeza kuti pulani yovomerezeka kulibe n'komwe, nkhani yakula kuposa paki: misewu, ngalande ndi lizi ya puloti yanu yomwe zili pa chiopsezo, ndipo amene mukulipira pang'onopang'ono kaonaneni ndi loya musadapereke gawo lotsatira.